Mlandu wa Aisraeli ndi Apalestina pa Muyeso wa Anzeru

Anthu awiri akalimbirana malire a munda kumudzi, mlandu wao upita kwa nyakwawa, ndipo ukakanika kumeneko ukwera kwa mfumu. M'tauni upita ku khoti, ndipo wotsutsidwa akakana kumvera, wapolisi amlondola kufikira pakhomo pace. Koma maiko akakangana palibe mfumu ya pamwamba pao. Mabwalo alipo ndithu, ndi oweruza ace akhala ku The Hague m'dziko la Holland, koma oweruzawo alibe kapaso woti amtume kukagwira dziko lokana kumvera. Pa cinthu cimeneci pamangidwa maphunziro onse a kakhalidwe ka maiko pakati pao, ndipo mwa milandu yonse imene anzeru a maphunzirowa ayesa kuimasulira, palibe wina wowasautsa monga wa Aisraeli ndi Apalestina, umene omvera wailesi aumva caka ndi caka.

Maphunzirowa anabadwa ndi nkhondo. Itatha Nkhondo Yaikuru Yoyamba, m'caka ca 1919, mwini cuma wina wa ku Wales, David Davies, anapereka ndalama ku yunivesiti ya Aberystwyth kuti pakhale mphunzitsi wa nchito imodzi yokha, ndiyo kufufuza cimene cicititsa maiko kumenyana ndi njira ya kuwaletsa. Mlandu wa Palestine unabadwa m'zaka zomwezo, kotero kuti ziwirizi zakulira pamodzi ngati ana a msinkhu umodzi.

Kufikira 1917 dziko la Palestine linali m'manja mwa Aturuki, amene analilamulira zaka 400. Angerezi, pofuna abwenzi pa nkhondo, analonjeza kawiri. M'makalata a 1915 ndi 1916 Sir Henry McMahon anapatsa Sharif Hussein wa ku Mecca ciyembekezo ca ufumu wa Aarabu ngati iwo akaukira Aturuki. Kuti Palestine anali m'kati mwa lonjezolo kapena iai, anthu atsutsana kufikira lero. Ndipo pa 2 November 1917 nduna ya za kunja, Arthur Balfour, inalembera Lord Rothschild kuti boma la Britain lidzathandiza Ayuda kupeza kwao m'Palestine, popanda kuononga ufulu wa anthu ena okhalamo. Anthu enawo sanachulidwe ndi dzina lomwe, cinkana anali asanu ndi anai mwa khumi ali onse. Kalembera wa 1922 anapeza anthu 757,000, ndi mwa iwo Ayuda 84,000. Caka comweco League of Nations inapereka dzikolo kwa Britain kuti alisunge, monganso inampatsa Tanganyika, ndipo mau a Balfour analowa m'kalata ya usungiyo.

Ayudawo sanadze ngati anthu ofuna cuma. Ku Russia anali kuphedwa m'midzi yao kuyambira 1881, ndi ku maiko ena a ku Ulaya anali kunyozedwa ngakhale ataphunzira ndi kubvala monga anzao. Mlembi wa nyuzipepala wa ku Vienna, Theodor Herzl, anaitanitsa msonkhano ku Basel m'1897, pokhulupirira kuti mtundu wopanda dziko udzasakidwa masiku onse. Poyamba anabwera pang'ono-pang'ono, namagula minda kwa eni cuma okhala ku Beirut ndi kwina, ndipo kawiri-kawiri alimi Aciarabu amene anali kulima mindayo anacotsedwapo. Hitler atatenga ulamuliro wa Germany m'1933 anabwera unyinji. Aarabu, poona kuti adzasanduka alendo kwao, anakana nchito dziko lonse m'1936. Sitalaka imeneyo inakhala miyezi isanu ndi umodzi, nisanduka nkhondo imene Angerezi anaithetsa ndi dzanja lolemera m'1939, atapha ndi kumanga ndi kupitikitsa atsogoleri ambiri. Pambuyo pace kunadza coposa zonse: boma la Hitler linapha Ayuda 6,000,000, ndipo otsala m'misasa ya ku Ulaya anasowa dziko lowafuna.

Britain atatopa anatula mlanduwo kwa United Nations. Pa 29 November 1947 maiko 33 anabvomera kugawa Palestine pawiri, 13 anakana, 10 sanaponye voti. Ayuda, amene pamenepo anali limodzi la magawo atatu a anthu onse, anapatsidwa dera lopitirira theka pang'ono, mbali yace yaikuru iri cipululu ca Negev. Jerusalem anayenera kusungidwa ndi maiko onse. Atsogoleri a Ayuda analola. Aarabu anakana, pakuti sanaone cifukwa cakuti iwo alipire mlandu umene unapalamulidwa ku Ulaya. Nkhondo inayamba pomwepo pakati pa midzi. Pa 14 May 1948 David Ben-Gurion analengeza dziko la Israel, ndipo m'mawa mwace ankhondo a Egypt, Transjordan, Syria, Iraq ndi Lebanon analowa. Pofika 1949 Israel anali atapambana, atataya anthu 6,000, ndiye mmodzi mwa 100 ali onse, nagwira magawo 78 mwa 100 a dzikolo. Apalestina ngati 700,000 anathawa kapena kupitikitsidwa, midzi yao yoposa 400 inapasuka, ndipo sanaloledwe kubwerera. Jordan anatenga West Bank, Egypt natenga Gaza. Dziko la Aarabu a ku Palestine limene linalembedwa pa mapu a 1947 silinaoneke konse.

Caka comweco ca 1948 kunatuluka ku America buku lochedwa Politics Among Nations, lolembedwa ndi Hans Morgenthau, Myuda wothawa ku Germany amene anali kuphunzitsa ku Chicago. Bukuli linakhala maziko a ciphunzitso cimene Angerezi acicha realism, ndipo ochitsata akhoza kuchedwa a mphamvu. Mau ao ngouma. Popeza palibe mfumu, dziko liri lonse liyenera kudzisunga lokha. Ubwenzi wa maiko suli cibale, utsata phindu ndi kusintha pamene phindulo lasintha. Pangano likhala moyo pokhapo pali mfuti zolicirikiza, ndipo atambala awiri salira khola limodzi kufikira atayesana nadziwa wamkuru.

Munthu akawerenga mbiri ya zaka 30 zoyamba za Israel adzabvutika kuwatsutsa. M'1948 mfuti zimene zinathandiza kupulumutsa Israel zinacokera ku Czechoslovakia, Stalin atalola, pakuti anafuna kutulutsa Angerezi m'cigawo cimeneco. M'1955 mfuti za ku Czechoslovakia yemweyo zinapita kwa Nasser wa ku Egypt, pakuti tsopano phindu la Moscow linali kwa Aarabu. M'1956 Britain ndi France anapangana ndi Israel m'tseri kuthira Egypt nkhondo cifukwa ca ngalande ya Suez, ndipo amene anawabweza ndi manyazi anali bwenzi lao lomwe, Purezidenti Eisenhower wa America. Ubwenzi waukuru wa America ndi Israel, umene ambiri ayesa kuti unalipo ciyambire, unakula pambuyo, maka-maka itapita 1967.

Mnzace wa Morgenthau pa kuthawa, John Herz, anaonjezapo m'1950 mfundo yozama koposa, yakuti nkhondo ikhoza kubuka ngakhale onse awiri asaifune. Munthu woopa akuba agula mkondo. Mnansi wace aona mkondowo, koma za mumtima sangazione, cotero nayenso agula uta. Woyambayo poona utawo atsimikiza kuti anaganiza bwino, naonjeza cikopa ndi agaru. Cimene wina acicita podzichinjiriza, mnzace aciona ngati kukonzekera kumthira nkhondo, ndipo onse awiri atsiriza ali ndi zida zambiri ndi tulo tocepa.

Nkhondo ya 1967 inayenda m'njira yomweyi. M'mwezi wa May a ku Moscow anauza Nasser, molakwa, kuti Israel ali kusonkhanitsa asilikari pa malire a Syria. Nasser anatumiza ankhondo ace ku Sinai, nacotsa alonda a United Nations amene anali kumeneko, natseka njira ya zombo ya Tiran. Olemba mbiri ambiri aganiza kuti iye anafuna kuoneka wolimba pamaso pa Aarabu anzace koposa kumenya nkhondo. Koma Israel, dziko limene pa ciuno pace panali makilomita 15 okha kucokera ku malire kufika ku nyanja, ndi limene asilikari ace ambiri ali anthu oitanidwa ku nchito zao, sanathe kudikira masabata ambiri mafakitale ali cotseka kuti aone za mumtima mwa Nasser. Pa 5 June ndege zace zinaononga ndege za Egypt ziri pansi, ndipo m'masiku asanu ndi limodzi anagwira Sinai, Gaza, West Bank, Jerusalem wa kum'mawa ndi mapiri a Golan. Pofuna kudzichinjiriza anapezeka ali kulamulira Apalestina ngati 1,000,000 amene sanamfune.

Ngakhale mtendere woyamba unadza monga a mphamvu ananenera. Pa 6 October 1973 Anwar Sadat, wolowa m'malo mwa Nasser, anaolotsa ankhondo ace pa ngalande ya Suez modzidzimutsa, Syria nayenso naukira ku Golan. Sadat sanapambane, koma asilikari a Israel oposa 2,500 anafa, ndipo onse awiri anadziwa tsono kulemera kwa mnzace. M'November 1977 Sadat anapita yekha ku Jerusalem. M'1978 iye ndi Menachem Begin anakhala masiku 13 ku Camp David ndi Purezidenti Carter. Pa 26 March 1979 anasaina, ndipo pofika April 1982 Sinai anali atabwerera kwa Egypt. America anasindikiza panganolo ndi ndalama zopatsa onse awiri caka ndi caka. Cikondi panalibe, koma panganolo laima zaka zoposa 45, ndipo Jordan anatsatira m'1994. Nkhondo ya 1973 inamveka ngakhale ku Migodi, pakuti mtengo wa mafuta unakwera kanai. Zambia, amene akatswiri a ku Israel anamthandiza kukhazika makoparativi a alimi ku Kafubu ndi ku Kafulafuta, anadula ubale caka cimeneco pamodzi ndi maiko ambiri a mu Africa, naubweza m'1991, Malawi sanadule.

Koma apa ndi pamene muyeso wa a mphamvu uthera. Iwo awerenga maiko okha, ndiwo okhala ndi boma, malire ndi asilikari. Egypt ali nazo zitatuzi, ndipo Sadat posaina anatha kulonjeza kuti mfuti sidzalira kucokera ku Sinai, ndi kusunga lonjezolo. Apalestina analibe ngakhale cimodzi. Pa Camp David panalembedwanso kalata yaciwiri ya kudzilamulira kwa anthu a ku West Bank ndi Gaza, koma eni ace sanali pa tebulo, ndipo kalatayo inafera m'kabati. Bungwe lao la PLO, lokhazikidwa m'1964 ndi kutsogoleredwa ndi Yasser Arafat kuyambira 1969, linaba ndege ndi kupha anthu wamba kuti dziko lapansi limve dzina lao. Linapitikitsidwa ku Jordan m'1970 ndi 1971, ndi ku Beirut m'1982, nilikatera kutali ku Tunis. Mwa masamu a mphamvu mlandu unayenera kuthera pomwepo, pakuti wofoka anagonja. M'malo mwace, m'December 1987, anyamata a m'misasa ya ku Gaza anaukira ndi miyala, cipolowe nicifalikira ku West Bank zaka zingapo. Gulu la nkhondo limene linagonjetsa maiko atatu m'sabata imodzi linapeza kuti kasinja sathandiza kulamulira ana a sukulu. Kulakwa komweku kunabwerezedwa m'2020, pamene United Arab Emirates, Bahrain ndi Morocco anapangana ubale ndi Israel, America ali nkhoswe. Akuru ambiri anayesa kuti maiko enieni akagwirizana, nkhani ya anthu opanda boma idzazirala yokha. Panangopita zaka zitatu.

Pali ciphunzitso cina ca anthu a ciyembekezo, cimene Angerezi acicha liberalism, ndi cimene Purezidenti Woodrow Wilson anamangirapo League of Nations. Awa akhoza kuchedwa a mapangano. Iwo abvomera kuti mfumu palibe, koma ati kusowa kwace kukhoza kucepetsedwa ndi malamulo, mabungwe ndi malonda, pakuti anthu amene adyera mbale imodzi saiswa msanga. Umboni wao waukuru ndi France ndi Germany, amene anamenyana katatu m'zaka 70, koma m'1951 anaika malasha ndi zitsulo zao pansi pa bungwe limodzi, ndipo sanamenyanenso.

Pangano la Oslo linali mwana wa ciphunzitso cimeneci. Linaphikidwa m'tseri ku Norway, ndipo pa 13 September 1993 Yitzhak Rabin ndi Arafat anagwirana canza ku Washington. Nzeru yace inali yakuti ayambe ndi zopepuka. Apalestina apatsidwe boma laling'ono la sukulu, zipatala ndi apolisi. Akhale zaka zisanu kuzolowerana. Ndipo zolemera, ndizo Jerusalem, othawa kwao, malire ndi midzi imene Aisraeli anamanga m'dera lolandidwa, zikambidwe potsiriza mitima itafewa. Anthu ambiri a maganizo abwino anakhulupirira, ndipo sayenera kusekedwa, pakuti kufikira pamenepo aliyense wa awiriwo anali kukana kuti mnzace alipo.

Koma m'makalata momwemo munali kupendekeka. PLO inabvomereza dziko la Israel. Israel anabvomereza PLO monga mneneri wa mtundu wa Apalestina. Wina analandira dziko, wina analandira mpando wa pa msonkhano. France ndi Germany anali olingana msinkhu, awa sanali. M'1995 West Bank anagawidwa zigawo zitatu, ndipo cacikuru, ca magawo oposa 60 mwa 100, cinatsala m'manja mwa Israel kotheratu. Ngakhale malonda sanacite nchito imene a mapangano anayembekeza. Msonkho wa pa malire unasonkhetsedwa ndi Israel, amene anatha kuugwira akakwiya. Apalestina zikwi zambiri anapita kukamanga nyumba ndi kulima ku Israel ndi citupa m'thumba, ndipo cipata cinatha kutsekedwa usiku umodzi. Amene anamva kwa atate ao za citupa ca m'masiku a Azungu adziwa kuti kudyera mbale imodzi kotere sikubala cikondi.

Mphunzitsi wina wa ku America, James Fearon, analongosola m'1995 bvuto limene linadya Oslo, cinkana sanali kulemba za Oslo. Anthu awiri akhoza kuona bwino lomwe pangano lowakomera onse, nalephera kulicita, cifukwa palibe wogwira lonjezo la mawa. Mwisraeli anauzidwa kupereka mapiri oyang'ana pa mizinda yace lero, kuti alandire bata la mawa. Mpalestina anauzidwa kutula mfuti lero, kuti alandire dziko la mawa. Aliyense anasunga kanthu kumbuyo, ndipo mnzace anakaona. Aisraeli okhala m'midzi ya ku West Bank, osawerenga a ku Jerusalem, anali oposa 100,000 m'1993, ndipo pofika 2000 anali pafupi 200,000. Mabomba a Hamas, gulu la Cisilamu lobadwa m'1987 limene linakana Oslo, anaphulika m'mabasi a ku Tel Aviv ndi Jerusalem. Wina anati ali kumbera munda akukambirana, wina anati ali kumphera ana akukambirana, ndipo onse awiri ananena zoona.

Robert Putnam anaonjeza m'1988 cinthu cimene munthu aliyense wa m'bungwe la anchito acidziwa osaphunzira. Mtsogoleri wokambirana za malipiro akhala pa matebulo awiri. Pa loyamba ayang'anana ndi akuru a kampani. Pa laciwiri, ndilo loopsa, ayang'anana ndi anthu ace m'bwalo la mpira, ndipo akabwera ndi zocepa amucha wogulidwa. M'February 1994 Myuda wa m'midzi ija, Baruch Goldstein, anapha Asilamu 29 alikupemphera ku Hebron. Pa 4 November 1995 Rabin anaomberedwa ku Tel Aviv ndi Myuda mnzace, monganso Sadat anaphedwa ndi asilikari a kwao m'1981. Atsogoleri otsala anawerenga maliro awiriwa namvetsa. Msonkhano wa ku Camp David wa July 2000 unalephera, ndipo cipolowe caciwiri, kuyambira 2000 kufikira 2005, cinapha Aisraeli ngati 1,000 ndi Apalestina oposa 3,000. Israel anacotsa anthu ace 8,000 ku Gaza m'2005 popanda pangano. Hamas inapambana cisankho ca 2006, nilanda Gaza m'2007, ndipo Israel ndi Egypt anatseka zipata. Aisraeli anaphunzirapo kuti kucoka kubala mizinga, Apalestina anaphunzirapo kuti mfuti icotsa mdani pamene kukambirana kwalephera. Maphunziro oipa onse awiri, koma sanacoke m'mitu.

Citsalira cinthu cimene a mphamvu ndi a mapangano onse sacigwira bwino, pakuti onse ayesa dziko ngati katundu wotheka kupimidwa ndi kugawidwa. M'1903 nduna ya maiko a pansi pa Britain, Joseph Chamberlain, inapatsa Herzl malo ku mapiri a ku East Africa, m'dziko limene lero liri Kenya, a nthaka yabwino ndi mvula yokwanira. Ayuda a ku Russia, amene anali kuphedwa caka comweco, ndiwo anakana koposa onse, ndipo m'1905 msonkhano wao unakaniratu. Munthu wothawa moto akakana nyumba yabwino cifukwa siri pa bwinja la makolo ace, masamu a phindu sathanso kumlongosola. Cimodzi-modzi mabanja a Apalestina m'misasa ya ku Lebanon ndi Jordan asunga makiyi a nyumba zimene zinagwetsedwa m'1948, nawapatsa adzukulu amene sanaonepo mudziwo. Mlandu suola.

Anzeru amene ayang'ana mbali iyi, a ciphunzitso ca constructivism, atsata Alexander Wendt, amene analemba m'1992 kuti kusowa kwa mfumu pakokha sikulamula udani. Maiko ndiwo apanga adani ndi abwenzi mwa zimene auzana ndi zimene akumbukira. Mfuti ya mbale siopsa monga mpeni wa mdani. Tsono mtundu uli wonse wa iwiriyi unaumbidwa ndi tsoka lace. Masiku amodzi-modzi a May 1948 ali cikondwerero ca ufulu kwa wina, ndi kwa mnzace Nakba, ndiko kuti cionongeko. Lamulo la Israel la 1950 lilola Myuda aliyense wa pa dziko lapansi kubwera ndi kukhala mbadwa. Apalestina afuna ufulu womwewo wa kubwerera, natsamira pa cigamulo 194 ca United Nations ca December 1948, ndipo olembedwa m'kaundula wa othawa, pamodzi ndi ana ao, apitirira 5,000,000. Mwisraeli akalola, mtundu wace ukhala wocepa m'dziko limene unamanga kuti usadzakhalenso wocepa. Mpalestina akasiya, abvomera kuti agogo ace anacoka popanda mlandu. Ndipo pakati pa Jerusalem pali bwalo la maekala 35 okha, limene Ayuda alicha Phiri la Kacisi ndi Asilamu Haram al-Sharif, pali mzikiti wa al-Aqsa. Sinai, wa makilomita 60,000 m'bwalo lace, anagawika ndi colembera. Maekala 35 amenewa anathandiza kugwetsa msonkhano wa 2000. Ciphunzitso ici cinena zoona, koma cifoka pa funso la anthu anjala, pakuti ciuza munthu kuti mitima ikhoza kusintha, osamuuza tsiku.

Mu Africa ambiri awerenga mlanduwu ndi maso ena, a anthu amene anaona Land Apportionment Act ya 1930 ku Southern Rhodesia ndi malamulo a tsankho a ku South Africa. Kwa iwo nkhani ndi ya atsamunda ndi eni nthaka. Aisraeli ayankha kuti mtsamunda ali ndi kwao kobwerera, monga Afalansa a ku Algeria anabwerera m'1962, koma iwo alibe; ndi kuti Ayuda ngati 800,000 anacoka kapena kupitikitsidwa ku maiko a Aarabu itapita 1948, kotero kuti pafupi theka la Ayuda a m'Israel makolo ao ngocokera ku Iraq, Morocco, Yemen ndi kwina kotere, osati ku Ulaya. Yankho ili nlolemera pa za 1948. Koma lipepuka pa za West Bank, kumene pa phiri limodzi Mwisraeli aweruzidwa ndi khoti wamba la dziko lace, Mpalestina naweruzidwa ndi khoti la asilikari, ndi kumene Aisraeli a m'midzi ija anafika pafupi 500,000 m'2023.

Pa 7 October 2023 ankhondo a Hamas anaboola mpanda wa Gaza napha anthu ngati 1,200, ambiri a iwo anthu wamba m'nyumba zao ndi pa gule, nagwira ena ngati 250. Israel anabwezera ndi nkhondo ya zaka ziwiri pa kadera ka makilomita 365 m'bwalo lace, kokhalamo anthu oposa 2,000,000. Pofika August 2025 unduna wa za umoyo wa ku Gaza unali utawerenga akufa oposa 60,000, pafupi theka la iwo akazi ndi ana, ndipo nyumba zambiri zinali bwinja. South Africa anasumira Israel ku bwalo la ku The Hague m'December 2023 pa mlandu wa kupulula mtundu, umene Israel aukana. M'July 2024 bwalo lomwelo, pa funso lina, linanena kuti kukhala kwa Israel m'dera lolandidwa m'1967 nkosalolezeka. Kapaso sanatumidwe. Mfuti zinayamba kuleka m'October 2025, pamene America anakanikiza mbali zonse ndi thandizo la Egypt, Qatar ndi Turkey, ndipo a mphamvu anawerenga cimeneci ngati umboni wao.

Mwezi umodzi izi zisanacitike, pa 21 September 2025, Britain anabvomereza dziko la Palestine, zitapita zaka 108 cilembere Balfour kalata yace. Canada, Australia ndi France anacita comweco m'masiku omwewo, ndipo maiko obvomereza anapitirira 150 mwa 193 a mu United Nations. Dziko limene analibvomereza linali ndi mbendera, akazembe ndi mpando wa woonerera ku New York, umene linapatsidwa m'2012. Pa tsikulo zipata zace, mlengalenga mwace ndi msonkho wa pa malire ace zinali m'manja mwa Israel. Purezidenti wace, Mahmoud Abbas, anasankhidwa m'2005 osayesedwanso pa cisankho, ndipo mau ace sanali kumveka ku Gaza.